Makampani Akhanda a Malo ndi Nyumba: Tiwayese ndi Muyeso Wanji kwa Kaduya?

Masiku ano kwabuka mtundu wina wa malonda umene makolo athu sanaudziwe. Anyamata ndi asungwana ophunzira, atatu kaya anai, amapangana nayambitsa kampani yaing'ono, yopanda sitolo, yopanda galimoto, imene chuma chake chonse chiri m'kompyuta ndi m'lamya ya m'manja. Malonda ao ndi malo ndi nyumba. Ena amati adzasonyeza munthu puloti yogula iye ali khale pakhonde pake. Ena amati adzapima munda ndi kandege kopanda woyendetsa, kamene anthu akukatcha droni, nadzalemba malire ake m'kaundula wosafufutika. Enanso amalonjeza mbale wathu wogwira ntchito ku Joni kuti adzamyang'anira nyumba imene akumangitsa kumudzi, kuti ndarama zake zisathere m'matumba mwa achibale. Makampani otere ife tiwatcha akhanda, pakuti sanayambe kuyenda okha. Akali kuyamwa ndarama za anthu ena amene akuyembekeza kudzapindula mtsogolo.

Kapena wina adzati, izi nza ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zikutikhudza bwanji ife a kwa Mfumu Kaduya kuno ku Phalombe? Zikukhudzani ndithu, mwinanso koposa a m'tauni. Pa kalembera wa 2018 boma la Phalombe linapezeka ndi anthu oposa 400,000, opanikizika pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kum'mwera ndi madambo a nyanja ya Chilwa kumpoto. Anthu akuchuluka, koma nthaka ndi yomweija. Chifikire mseu wa tala wochokera ku Zomba kudzera pa Jali mpaka ku Chitakale, ndiponso chimangidwire chipatala chachikulu pa Migowi, kamunda kamene kale kanali ka nandolo lero kakutchedwa puloti, ndipo madobadoba anayamba kale kutsatsa malo pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kumene dobadoba waponda, kampani sichedwa kufika. Tsono mfumu imene idzapemphedwa kudinda, komiti ya malo imene idzapemphedwa kuvomera, mphunzitsi wopuma amene adzapemphedwa kuika penshoni yake m'masheya, onsewa afunika kukhala ndi muyeso alendowo asanafike pabwalo.

Muyeso wonamiza

Muyeso umene manyuzi a kunja amaukonda ndi wa ndarama. Amati kampani yakutiyakuti yasonkhanitsa madola mamiliyoni akuti, chomwecho ndi yamphamvu. Muyeso umenewu wanamiza anthu ochenjera kuposa ife. Taonani kampani ya WeWork ya ku New York, imene inayamba mu 2010. Ntchito yake inali kubwereka nyumba zazikulu kwa zaka zambiri, kuzigawa tizipinda ta maofesi, ndi kubwereketsa tizipindato mwezi ndi mwezi. Imeneyi ndi ntchito ya lendi yakalekale, koma eni ake anaiveka malaya a luso latsopano, kotero kuti kuchiyambi kwa 2019 eni chuma anaiyesa ya mtengo wa madola 47 biliyoni. Chaka chomwecho, pofuna kugulitsa masheya kwa anthu onse, inakakamizidwa kutsegula mabuku ake, ndipo zinaoneka kuti mu 2018 ndarama zimene inaluza zinaposa zonse zimene inalandira. Malondawo analephereka, ndipo mu November 2023 kampaniyo inakagwada ku khoti kuti ngongole zaikulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya Zillow ya ku Seattle ndiyo yotiphunzitsa koposa. Kampaniyi inakhulupirira kuti makina ake owerengera angathe kudziwa mtengo wa nyumba iriyonse, niyamba kugula nyumba zikwizikwi kuti izigulitsenso. Mu November 2021 inatseka nthambi imeneyo, nichotsa ntchito munthu mmodzi mwa anai alionse, chifukwa makina aja anaigulira nyumba zambiri pa mtengo woposa umene ikanagulitsira. Tsono lingalirani, awerengi athu. Ku America nyumba iri ndi nambala, mseu uli ndi dzina, ndipo mbiri ya kugulidwa kwa nyumba imalembedwa m'mabuku a boma. Ngati makina anasokera kumeneko, nanga kwa Kaduya, kumene malire ndi chulu, mtengo wa mango ndi mzere wa nkhadze, kumenenso mtengo wa malo umanenedwa monong'ona? Kampani imene ingadze ninena kuti makina ake akudziwa mtengo wa munda wanu, muifunse kuti mitengo imene makinawo anaphunzirapo inaitola kuti.

Pepala likafika pabwalo

Muyeso woona, monga ife tikuonera, ndi uwu: pepala limene kampani ikupereka, kodi lidzaima tsiku la mlandu? Kampani singathe kupatsa munthu umwini wa malo. Umwini umachokera ku mwambo ndi ku lamulo la dziko. Chimene kampani ingathe ndicho kupima, kujambula ndi kusunga umwini umene ulipo kale. Ndipo ikapima molambalala eni mphamvu, ntchito yake yonse ndi chithunzi chabe chopachika pakhoma.

Boma lathu linakonza kale njira. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, pakati pao lamulo la malo a makolo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022. Lamuloli limalola munthu kapena banja kulembetsa munda ndi kulandira chikalata chake. Koma njirayo iri ndi zipata. Kwa gulupu kumakhala komiti ya malo, wapampando wake gulupu mwini, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu a m'midzi, ndipo mwa iwo atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amai. Pali mlembi wa malo wosunga mabuku ndi mapu. Mkangano ukabuka umapita ku bwalo la malo la Mfumu Yaikulu, ukakanika kumeneko nkumakwera ku bwalo la boma lonse. Lamulo silinalole kuti malo a makolo azigulitsidwa monga agulitsira mbuzi pa msika wa Migowi, ndipo kukonza kwa 2022 kunamangitsanso mfundo zoletsa kugulitsa malo kwa anthu akunja.

Njirayi si loto. Ku Phalombe konkuno, kwa Gulupu Maoni m'dera la Mfumu Nazombe, kunali kumodzi mwa malo atatu kumene lamuloli linayesedwa poyamba, kwina kukhala ku Kasungu ndi ku Rumphi. Unduna wa za Malo unagwira ntchitoyo pamodzi ndi mabungwe a Oxfam, LandNet ndi CEPA, ndi thandizo la European Union. A kwa Kaduya safunika ulendo wa pa ndege kuti akafunse m'mene zinayendera, njinga ikwanira. M'ntchito yotere kupima ndiko kopepuka. Cholemera ndi kuitana oyandikana nao kuti ayende limodzi m'malire, kupachika mapu ndi maina poyera kuti wotsutsa atsutse, ndi kudikira mpaka amalume amene ali ku Limbe abwere adzanene mau ao. Droni ingajambule mudzi wonse dzuwa lisanafike pamutu, koma singafupikitse ngakhale tsiku limodzi la zokambirana zimenezi. Chifukwa chake kampani imene ikudzitama ndi liwiro lokha tiyenera kuikaikira, pakuti mwina sinadziwe pamene pagona ntchito, mwina ikufuna kupalumpha.

Funso loyamba kwa anyamatawo likhale lakuti, mwalowera chipata chiti? Asonyeze kalata ya Unduna ndi ya Bwanamkubwa wa boma. Anene komiti imene anakhala nayo pansi. Atchule wopima malo wovomerezeka amene adzasaina mapu ao, ndipo afotokoze ngati mapuwo adzalandiridwa m'kaundula wa Boma. Akayankha ndi mau achingerezi ataliatali, dziwani kuti yankho alibe. Limodzi mwa mau oterewa ndi blockchain, ndiko kunena kaundula wosungidwa m'makompyuta ambiri nthawi imodzi kotero kuti munthu mmodzi sangafufute cholembedwamo. Mu 2015 kunamveka mbiri yaikulu yakuti kampani ya Factom ya ku Texas idzaika malo a dziko la Honduras m'kaundula wotere, koma ntchitoyo inaima panjira. Ku dziko la Georgia, kumene kampani ya Bitfury inayamba ntchito yofanana mu 2016, zinayenda, pakuti boma la kumeneko linali litalongosola kale mabuku ake a malo. Kaundula wosafufutika akalandira bodza, bodzalo nalonso silifufutika.

Dzina la yani?

Apa ndi pamene tikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene makampani ochokera kutali amapunthwa osadziwa. Pakati pa Alomwe, Anyanja ndi Ayao a chigawo chino, munda umayenda ndi mbumba ya akazi. Mwamuna ndi mkamwini: amalima, amakolola, amamanga nkhokwe, koma nthakayo ndi ya mkazi wake ndi ana a mkaziyo. Malume ndiye mwinimbumba, mlonda wa malo a alongo ake, osati mwini woti agulitse. Tsono mapulogalamu ambiri a pa lamya anakonzedwa ndi anthu amene m'mutu mwao munda uli ndi mwini mmodzi, dzina limodzi, nambala ya lamya imodzi. Nanga m'nyumba zathu zambiri lamya imakhala m'thumba la yani? Mnyamata wa kampani akafika pakhomo nafunsa mwini nyumba, amai adzaloza abambo mwaulemu monga mwa mwambo, abambo nadzatchula dzina lao, ndipo ndi kudinda kumodzi kwa chala mkamwini wasanduka mwini munda. Palibe wachita dala. Koma tsiku limene ukwati udzatha, kaya mmodzi adzamwalira, pepala lija lidzauka ndi kulankhula motsutsana ndi mudzi wonse.

Izi zinachitikapo m'dziko lino. Mu 1967 kunakhazikitsidwa malamulo olembetsa malo, ndipo kuyambira 1968 chitukuko cha minda cha ku Lilongwe, chothandizidwa ndi World Bank, chinalemba malo a mabanja kumadzulo kwa bomalo m'magawo otchedwa ndunda. Ndunda iriyonse inalembedwa m'dzina la mtsogoleri wa banja, ndipo kawirikawiri dzinalo linali la mwamuna, ngakhale kuti Achewa a kumeneko nawonso amatsata kuchikazi. Pakupita kwa zaka atsogoleri aja anamwalira, minda inagawidwa, koma mabuku sanatsatire zosinthazo, ndipo njirayo sinafalikire ku maboma ena. Ntchito imeneyo inagwiridwa ndi Boma, ndi akatswiri, ndi ndarama zochuluka. Kodi kampani ya anthu anai idzapambana pamene iwo anavutika, ngati siphunzira pa iwo?

Njira yabwino iripo, ndipo inaoneka kwa abale athu olankhula Chinyanja ku Zambia. Ku Chipata ndi ku Petauke, m'zaka za pakati pa 2014 ndi 2018, mabungwe a malo a m'maboma amenewo, mothandizidwa ndi USAID, anagwiritsa ntchito malamya a m'manja popima minda ya m'midzi, koma zikalata zinasainidwa ndi mafumu, monga Mfumu Sandwe ya ku Petauke, ndipo pa chikalata pankatheka kulemba eni oposa mmodzi pamodzi ndi achibale ena okhudzidwa ndi mundawo. Chomwecho ofuna kuyesa kampani apemphe kuona fomu yake isanadzazidwe. Iri ndi mizere ingati ya maina? Imadziwa kusiyanitsa mwini, wolima ndi woyang'anira? Zolembedwazo zimawerengedwa mokweza pagulu, m'chilankhulo chimene gogo wosadziwa kuwerenga angamve? Ndipo pakati pa antchito a kampaniyo alipo ngakhale mmodzi amene anakulira m'mudzi wa chikamwini? Fomu ya tsamba limodzi idzakuuzani zambiri za kampani kuposa chionetsero cha maola awiri m'hotela.

Adzalipira ndani?

Khanda siliyamwa mpaka kale. Tsiku lina liyenera kudya za m'munda mwake. Kampani nayonso iyenera kunena poyera amene adzailipira ndarama za eni chuma zikadzatha. Mlimi wa kwa Kaduya amapeza ndarama kamodzi pa chaka, akagulitsa nandolo, mpendadzuwa kaya mpunga, ndipo ngakhale pamenepo sipodalirika. Tonse tikukumbukira m'mene mtengo wa nandolo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwao. Munthu wotere sadzalipira mwezi ndi mwezi kuti dzina lake likhale m'kompyuta. Kuonjezera apo, kampani yobwereka madola nimalandira makwacha iri pa msampha: mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iriyonse tsiku limodzi, itatsitsidwanso ndi 25 mu May 2022.

Kunena zoona, olipira enieni m'malonda awa alipo atatu okha: Boma, mabungwe othandiza, ndi wogula wa m'tauni. Kumene ntchito yolemba malo a m'midzi inafika patali, Boma ndilo linatsogolera. Dziko la Rwanda linalemba minda yoposa 10 miliyoni pakati pa 2009 ndi 2013, pogwiritsa ntchito zithunzi za m'mwamba ndi anthu a m'midzi momwemo ophunzitsidwa kupima. Ku Zambia kampani ya ku America ya Medici Land Governance inalowa m'ntchitoyi pa mgwirizano ndi boma la dzikolo, umene mu 2020 unatchula zikalata 4 miliyoni. Kampani yakhanda imene ikukonzekera kukhala dzanja la Unduna ndi la khonsolo iri pa njira yomveka. Koma imene phindu lake ndi gawo la mtengo wa puloti iriyonse yogulitsidwa, imeneyo mbuye wake ndi wogula, ndipo chimwemwe chake chiri pa kuchuluka kwa minda yochoka m'manja mwa eni ake. Ingakhale ndi anyamata aulemu ndi malaya oyera, ndi dobadoba ndithu, kungoti wa lamya yokwera mtengo. Anthu a chigawo chino, amene agogo ao analawa thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, safunika kuphunzitsidwa kuwawa kwa kukhala mlendo pa nthaka yobadwira.

Tisamveke ngati tikuti alendowa apirikitsidwe. Iai. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ena mwa iwo si alendo konse, ndi ana athu omwe. Boma linatsegula bwalo loyesera madroni ku Kasungu mu 2017 mogwirizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata luso limeneli m'dziko mommuno. Achinyamata amenewa afunika ntchito, ndipo dziko lifunika manja ao. Pali ntchito ina imene ife tikuiona kuti ndi yoyenera kampani yaing'ono, ndiyo ija yoyang'anira nyumba za abale athu a ku Joni. Chiyambire masiku a Wenela, dandaulo la wobwera kuchokera ku migodi ndi lomwelo: ndinatumiza za malata, ndapeza udzu. Kampani yolipira mwini sitolo ndi mmisiri mwachindunji, gawo ndi gawo, nitumiza zithunzi ndi malisiti pa sitepe iriyonse, ikuchiza nthenda yeniyeni, ndipo wodwalayo ali ndi ndarama zolipirira. Kuiyesanso nkosavuta: itchule nyumba zisanu zimene inatsiriza, mutume mbale akazione ndi maso, akalankhule ndi eni ake. Mufunsenso ngati inalembetsedwa kwa Mlembi wa Makampani, ndiponso ngati ndarama zotumizidwa pa Airtel Money kaya pa Mpamba zikulowa m'buku la kampani kapena m'nambala ya munthu mmodzi. Zikamalowa m'nambala ya munthu, bwezani dzanja.

Madzi ndi mabuku

Ku Phalombe kuli mboni ina imene sinamizika, ndiyo madzi. Napolo wa mu March 1991 wochokera m'phiri la Michesi anakokolola midzi ndi anthu ake, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anabwereza zomwezo, nakwirira minda ndi mchenga ndi miyala. Chithunzi cha puloti chojambulidwa mu October chimaoneka chouma ndi chokongola; sichinena kuti mu February pamenepo pamadutsa mtsinje. Kampani yoona mtima idzasonyeza wogula njira za madzi, ndipo apa ndi pamene droni iri ndi ntchito yeniyeni, pakuti imatha kuyesa kutsetsereka kwa nthaka kumene diso la munthu silingaone. Kampani yobisa zimenezi ikugulitsa manda.

Madzi omwewo ndiwo akutisonyeza ubwino wa kulemba malire m'makina. Chulu chikakokoloka, mango akazuka, nkhadze ikakwiririka, malire a makolo atha, ndipo abale amayamba kulozana zala pa mchenga. Manambala a malire osungidwa bwino angathe kubwezera munthu aliyense pamalo pake. Koma osungidwa kuti? Makampani akhanda ambiri, m'maiko onse, amafa asanakule, ndipo si onse amafa chifukwa cha chinyengo. Ena ndarama zimangowathera. Sitolo ikagwa, katundu amaoneka pa shelefu. Kampani ya pa lamya ikagwa, pulogalamu imangoleka kutseguka, ndipo maina, zithunzi za zitupa ndi malire a mudzi wonse zimatsala m'makina a ku dziko lina, kapena zimagulitsidwa kwa wina pobweza ngongole. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, likupatsa nzika mphamvu yofunsa kumene mbiri yake ikusungidwa ndi ntchito imene ikugwira, ndipo makomiti a malo ayenera kulidziwa.

Chifukwa chake tikupempha khonsolo ya Phalombe, Mfumu Kaduya ndi magulupu ake kuti kampani iriyonse yofuna kupima m'midzi yao isaine pangano isanaulutse kandege kake. Panganolo linene kuti mapu ndi maina onse ndi chuma cha anthu ndi cha Boma; kuti zidzaperekedwa m'maonekedwe amene kaundula wa pa kompyuta wa Unduna wa za Malo angalandire; ndi kuti mudzi uliwonse ukatha kupimidwa, mapepala osindikizidwa adzasiyidwa kwa mlembi wa malo ndi kwa gulupu, ena kwa mwini munda, kampaniyo isanasamukire mudzi wotsatira. Ndipo popeza nyumba ya gulupu nayonso imagwa ndi madzi, mapepala a mlembi akasungidwe ku boma, pamalo okwera.